Mulungu Adaoloka Malire

Munthu amene adaimapo pa malire a Mchinji, pomwe mseu wochokera ku Lilongwe umaloŵera ku Mwami kunka ku Chipata, adziŵa kuti malire ndi chinthu chozunguza mutu. Mzere umene atsamunda adalemba udagaŵa Acheŵa, kotero kuti mbumba ili kuno pamene atsibweni ake ali ku Zambia. Kuti aonane, afunika chiphaso.

Koma alipo malire ena aakulu koposa ameneŵa, ndiwo a pakati pa Mlengi ndi cholengedwa. Chikhulupiriro cha Akhristu chagona pa mfundo yakuti Mulungu mwini adaoloka malirewo. Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwana wa Mulungu sadakhale mlendo wotere, ai. Iye adatenga thupi lathu, nabadwa mwa Maria, namva njala ndi kutopa monga ife tomwe. Msonkhano wa ku Chalcedon m'chaka cha 451 udatsimikiza kuti Yesu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Chiphunzitso chomwechi ndicho ansembe a White Fathers adafika nacho ku Kachebere mu 1903, pafupi ndi malire omweŵa, kumene mu 1939 adatsegulako seminale yosula ansembe a Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Tsono aŵerengi, kodi zimenezi zikutiuzanji pa makhalidwe athu? Ngati Mulungu sadanyansidwe ndi thupi la munthu, ndiye kuti palibe thupi limene tingaliyese chabe. Wogula mtedza pa msika wa Kamwendo akapotoza sikelo, waba thukuta la thupi longa limene Khristu adavala. Bambo wonyengerera mtsikana wa sukulu ndi ndalama za malonda a pa malire, waipitsa chimene Mulungu adachilemekeza. Nkosatheka kugwadira khanda la m'khola tsiku la Khrisimasi, kenaka nkumana wakabaza malipiro ake m'maŵa mwake.

Tisaiŵalenso kuti khanda lomwelo lidaoloka malire a dziko lapansi pothaŵira ku Ejipito, poopa lupanga la Herode. Pakati pa 1986 ndi 1994, Malaŵi adasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othaŵa nkhondo ya ku Mozambique. Ambiri adalandiridwa m'midzi, napatsidwa malo ndi nsima ndi anthu amene nkhokwe zawo sizidali zodzaza. Kaya adadziŵa kapena ai, anthu amenewo adamasulira chiphunzitsochi bwino koposa maulaliki ambiri.

Ena amati chipembedzo nza mzimu, malonda nza thupi, ndipo ziŵirizi zisasakanizike. Ine ndikukana. Mpanda umenewo udagwa ku Betelehemu. Mkhristu wa ku Mchinji ayesedwe Lolemba pa sikelo, monga momwe amadziŵikira Lamulungu pa nyimbo.