Kodi m'mafuta a ku Naftalan muli chiyani?

Ku Naftalan, tauni yaing'ono ya ku Azerbaijan kufupi ndi mzinda wa Ganja, odwala amavula n'kulowa m'bafa lodzaza mafuta okumbidwa pansi, akuda bii. Amakhalamo mphindi pafupifupi 10, kenaka wogwira ntchito amawapala thupi lonse kuti mafutawo achoke asanapite kukasamba. Ambiri amabwera ndi nyamakazi, ululu wa m'mfundo ndi psoriasis, nthenda yotumbula zigamba zoyabwa pakhungu. M'tauniyi mulinso malo osungirako ndodo zoyendera zomwe ena anazisiya poti achira.

Munthu amene wagona ndi ululu zaka zambiri akati wapeza mpumulo, tiyenera kumumvera mwaulemu. Koma kodi ndodo yosiyidwa ingatiuze chimene chinalowa m'khungu lake?

Mbiri ya mafutawa ndi yakale. M'zaka za m'ma 1200, Marco Polo analemba za mafuta a m'chigawo chimenechi omwe ankadzoza ngamila zodwala mphere. Cha m'ma 1890, injiniya wa ku Germany, Jäger, ataona kuti mafuta a ku Naftalan alibe petulo wokwanira kupanga malonda, anayamba kuwagulitsa ngati mankhwala odzola. Pambuyo pake akatswiri a kemisitiri a ku Baku, monga Yusif Mammadaliyev, anawasanthula m'labotale. Zinapezeka kuti pafupifupi theka lake ndi gulu la naphthenic hydrocarbons, ndipo ena mwa iwo amafanana kapangidwe ndi mahomoni ena a m'thupi komanso vitamini D. Mphamvu yochiritsa, akatswiriwo anatero, iyenera kuti yagona pamenepo.

Kodi kufanana kapangidwe ndi umboni woti zimagwira ntchito mofanana m'thupi? Mwa mamolekyu mazanamazana omwe makina a gas chromatography ndi mass spectrometry amaonetsa m'dontho limodzi, wochiritsayo ndi uti? Amalowa m'magazi wochuluka bwanji? Nanga ndani anagawa odwala m'magulu awiri, ena kuwasambitsa m'mafuta, ena m'madzi ofunda okhaokha, onse akupuma mofanana ndi kulimbitsa thupi mofanana, kuti tidziwe gawo la mafuta ndi gawo la mpumulo?

Funso lomwe likutivuta kwambiri ndi la theka linalo. Mmenemo muli utomoni ndi ma aromatic hydrocarbons, banja lomwe muli ma PAH (polycyclic aromatic hydrocarbons), ndipo dziko linaphunzira za ma PAH kudzera m'maliro. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti osesa m'machumuni ankadwala khansa ya kumaliseche chifukwa cha mwaye. M'zaka za m'ma 1920 madokotala a ku Manchester anapeza khansa yomweyo mwa amuna opota thonje m'mafakitale a ku Lancashire, omwe mathalauza awo ankanyowa tsiku ndi tsiku ndi mafuta othira m'makina. Khansayo inkatulukira patapita zaka zambiri. Lero nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, imaika ma mineral oils, mafuta onga othira m'makina otengedwa m'mafuta okumbidwa pansi, osayengedwa kapena oyengedwa pang'ono chabe, m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Oyengedwa bwino kwambiri sali m'gululi.

Oteteza Naftalan amayankha kuti mphindi 10 patsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri sizingafanane ndi moyo wonse wa m'fakitale. Mfundoyi ndi yomveka. Koma ndani analondola odwalawo patatha zaka 20 kapena 30 kuti aone khungu lawo? Nanga wopala mafuta uja, amene manja ake amakhala momwemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iye amapimidwa kangati? Wodwala akamasaina asanalowe m'bafa, kodi amaonetsedwa pepala la labotale lotchula kuchuluka kwa benzo[a]pyrene, mmodzi wa ma PAH, m'mafuta a tsiku limenelo?

Njira ina ilipo kale. Ku Ivanić-Grad m'dziko la Croatia, chipatala chochiritsa ndi mafuta a mtundu womwewu chimagwiritsa ntchito oyengedwa, ochotsedwa ma PAH. Ngati gawo la naphthenic ndilo lochiritsa, chotsekereza n'chiyani kuti aliyense apatsidwe gawo lokhalo?

Nkhaniyi ikufikanso m'nyumba zathu. Petroleum jelly amene mayi amadzoza khanda akalisambitsa, amene timapaka pamilomo yosweka mu Juni, anachokeranso m'chitsime cha mafuta. Robert Chesebrough anamutulukira pa zitsime za ku Pennsylvania ndipo analembetsa njira yomuyengera mu 1872. Akayengedwa mokwanira ndi wabwino ndithu, ndipo madokotala amamudalira. European Union imamulola m'zodzola pokhapokha mbiri yonse ya kayengedwe kake ikudziwika. Kodi mafuta ogulitsidwa pamsika m'timabotolo topanda dzina la wopanga, ena achikasu ndi onunkha ngati gilizi, anayengedwa kuti? A Malawi Bureau of Standards ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority angatithandize potiuza poyera: mumayeza ma PAH m'mafuta odzola kangati pachaka, ndipo kholo lofuna kuona zotsatira zake lipite kuti?