Fumbi la ku Soweto ndi Kachipangizo Koyezera Chinyontho

Mwezi wa Ogasiti ukafika ku Soweto, mphepo imatola fumbi pa milu ya zotsalira za migodi ya golide ndi kuliwaza m'makomo a ku Diepkloof, Meadowlands ndi Snake Park. Milu imeneyi ndi cholowa cha migodi yomwe inayamba m'chaka cha 1886. Amayi amadandaula za zovala zawo pachingwe, koma alimi olima sipinachi ndi tomato m'nyumba za pulasitiki ali ndi vuto lina losaonekera msanga.

M'nyumba zina zoterezi mumapachikidwa kachipangizo koyezera chinyontho cha mumpweya. Chinyontho chikakhala pamwamba pa 85 peresenti kwa maola ambiri, chiwawu ndi nkhungu zimafala pa tomato, ndipo kachipangizoka ndi kamene kamachenjeza mlimi kuti atsegule makomo. M'kati mwake muli kachikopa kopyapyala kamene kamayamwa chinyontho ndi kuchitulutsanso, ndipo kamatetezedwa ndi kachivindikiro ka timabowo. Fumbi likatseka timabowoto, kachipangizoka sikazima ayi. Kamapitiriza kuonetsa manambala, koma mochedwa ndiponso molakwika. Bola chipangizo chakufa, chifukwa mlimi sachikhulupirira.

Kuyeretsa sikufuna ndalama zambiri. Mlimi azimitse chipangizocho, achotse kachivindikiro ngati nkochotseka, akatsuke ndi madzi osungunulidwa omwe amathira m'mabatire a galimoto (osati asidi), kenaka akaumitse pamthunzi kufikira kataumiratu. Kachikopa ka m'kati asakakhudze ndi chala, pakuti mafuta a pakhungu amakawononga. Sopo, parafini ndi kupukuta mwamphamvu ndi zoletsedwa, ngakhale kuti anthu aukhondo kwambiri ndi amene amagwa m'mayesero amenewa. Tsiku lopopera mankhwala, chipangizocho chitulutsidwe kunja.

Nanga mlimi angadziwe bwanji kuti chikunena zoona? Yankho lili kukhitchini. Adzaze mchere m'kachitsekero ka botolo, adonthezepo madzi pang'ono kuti unyowe koma usasungunuke, ndipo aike mcherewo pamodzi ndi chipangizocho m'chigubu chotsekeka bwino, zisakhudzane. Chigubucho chikhale pamalo osatentha ndi dzuwa usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Mchere wonyowa umasunga chinyontho cha m'chigubu pafupifupi pa 75 peresenti. Chipangizo chikaonetsa 71, mlimi alembe pakapepala kuti chimaperewera ndi 4, amate pambali pake. Chikaphonya ndi 10 kapena kuposa ngakhale chitatsukidwa, nthawi yake yatha.

Alangizi a ku Malawi ndi ku Zambia amadziwa fumbi la mu Okutobala, ndipo makina awo oyezera chinyontho cha chimanga nawo amanama akadzaza gaga. Chimanga choikidwa m'thumba chisanaume kufika pa 13 peresenti chimachita chuku, choncho chibowo chothiramo mbewu chizipukutidwa ndi kabulashi kouma akamaliza kuyeza, ndipo mabatire azichotsedwa nyengo yokolola ikatha.