Gulani Nsapato Madzulo

Abale anga apaulendo, sabata ino ndifuna ticeze za mapazi. Ambiri a ife kuno ku Joni nchito yathu ndi yoimirira. Wina ndi mlonda pa cipata, wina athira petulo m'magalimoto, wina ali pa makina m'fakitale, ndipo amai ena ali m'makhicini a mahotela kuyambira mbandakuca kufikira usiku. Pamene tipondapo ponse ndi simenti. Kwathu tinazolowera dothi, limene limamvera phazi pang'ono, koma simenti iribe cisoni.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Caka canga coyamba ca ulonda ndinaona jombo zakuda zoyalidwa pambali pa mseu pafupi ndi Park Station, zonyezimira bwino, mtengo wace theka la mtengo wa m'sitoro. Unali mmawa. Ndinayesa phazi limodzi lokha, popanda sokosi, ndi kulipira msanga kuopa kuti wina angandilande mwai. Safunsa anadya phula. Pofika tsiku lacitatu cidendene cinali matuza okha-okha, ndipo cikhadabo ca cala cacikuru cinada bii. Ndinayamba kuimirira cotsamira mwendo umodzi, kenaka msana unagwira. Ndinagona masiku anai, ndipo masiku anai amenewo sanaoneke pa malipiro. Mwezi umenewo ndarama za feteleza sizinapite ku Dedza monga ndinalonjezera. Amai a kunyumba sanandikalipire ai, anangofunsa kuti, "Kodi anawa adzadya jombo?"

Amene ananditsegula maso ndi mkuru wina wa ku Mulanje, wosoka nsapato, amene ndinamtengera jombozo kuti azikulitse. Anaziyang'ana nandiseka. Anati phazi la mmawa ndi phazi la madzulo si limodzi. Munthu akaimirira maora ambiri, magazi ndi madzi a m'thupi amatsikira kumapazi, ndipo phazi limatupa pang'ono. Nsapato yokwana bwino pa 7 koloko mmawa ikhoza kuluma pa 4 koloko madzulo. Cifukwa cace pitani ku sitoro mutaweruka, mutabvala masokosi omwewo amene mugwira nao nchito. Yesani mapazi onse awiri, pakuti anthu ambiri phazi lina limaposa linzace, ndipo mugule yokwana phazi lalikurulo. Mangani zingwe, imirirani, yendani uku ndi uku m'sitoromo, musacite manyazi. Pakati pa cala cacitali ndi mphuno ya nsapato patsale malo olowa cala cacikuru ca m'dzanja copingasa, zala zithe kugwedezeka, koma cidendene cisamaturuke-turuke poyenda.

Wogulitsa akanena kuti, "Tengani, idzamasuka yokha," cenjerani. Cikopa cimamasuka pang'ono m'mbali, indedi, koma nsapato sikula m'litali, ndipo ngati kumphuno kuli citsulo, citsuloco sicidzamasuka kufikira tsiku lanu lomwalira. Nambala musaikhulupirire kwambiri. Kuno tiwerenga monga ku Britain, ndipo 8 wathu ali pafupi ndi 42 wa ku Ulaya, koma 8 wa fakitale ina si 8 wa fakitale inzace.

Jombo zanga zija zinali ndi nthenda yina. Mwezi usanathe soli inayamba kunyenyeka ngati cigumu couma. Jombo zambiri za masiku ano soli yace ndi ya mphira wopepuka wochedwa polyurethane. Mphira ameneyu ndi wabwino ndithu kwa munthu woimirira, cifukwa ndi wofewa pansi pa phazi, koma akakhala zaka m'bokosi osabvalidwa, cinyontho cimamudya m'kati ngakhale pamwamba akuoneka watsopano. Nsapato zina zichipa cifukwa ca cimeneci. Pindani soli ndi manja, ikandeni ndi cikhadabo. Ikamata kapena kung'aluka, isiyeni. Pa jombo yeniyeni yotetezera pamalembedwa SANS 20345 kapena ISO 20345, ndiponso nthawi imene inapangidwa. Yang'anani pa lilime lace kapena pansi.

Za kaunjika sindizinyoza, ndinakulira momwemo. Koma nsapato imene wina anaidya cidendene mbali imodzi idzakuyendetsani mayendedwe a mwini wace woyamba.

Tsono pali cina cimene anyamata ambiri atsopano sacidziwa, ndipo amataya ndarama zao cabe. Lamulo la South Africa la 1993 losamala moyo wa anthu pa nchito likuti, pamene nchito iri ndi ngozi yofuna jombo zotetezera, bwana ndiye azipereka, ndipo saloledwa kudula mtengo wace pa malipiro anu. A m'migodi ali ndi lamulo lao la 1996 lonena cimodzimodzi. Pokalandira musangotenga zimene zatsala m'sitoro ya kampani. Pemphani kapitao mwaulemu kuti muyese kaye. Koma inu operekera cakudya ndi ogulitsa m'masitoro, kawiri-kawiri nsapato mugula nokha. Funani yafulati, ya soli yosaterereka pa madzi ndi mafuta, yomanga ndi zingwe kuti muzimasula phazi likatupa.

Ine tsopano ndiri ndi mapeyala awiri. Yaciwiriyo ndinagula patapita miyezi itatu, nditasunga pang'ono-pang'ono. Ndibvala ina lero, ina mawa, kuti thukuta liume, ndipo wosoka uja amandiikira kacidutswa kofewa m'kati kakale kakaphwa. Zikanyowa ndi mvula sindiziyanika pa mbaula, cifukwa moto umaumitsa cikopa ndi kucing'amba. Ndimazilonga mapepala m'kati usiku wonse. Nyuzi inonso igwira bwino nchito imeneyi, koma muyambe mwaiwerenga.