Kodi Mkaka Walakwanji?

Lamulungu lina, itatha Misa yachiŵiri, kudabwera kwa ine mnyamata wovala suti yaudongo, atanyamula kachikwama m'manja. Adandipempha mwaulemu kuti ndimlole kulankhula ndi Akhristu m'holo ya parishi pa nkhani ya umoyo wabwino. Makolo ake ndimaŵadziŵa, ndi Akhristu okhulupirika, motero ndidavomera osafunsa zambiri. Kumeneku ndiye kulakwa kwanga pa nkhaniyi, ndipo ndayamba nako dala, kuti wina asati wansembe akuloza anzake chala, iye mwini nkumadziyeretsa.

Patapita masabata atatu ndidakayendera limana lina cha ku Chitakale. Kumeneko mai wina wamasiye, amene amaŵeta ng'ombe imodzi yamkaka, adandifunsa kuti, "Bambo, kodi nzoona kuti mkaka ndi poizoni? Inetu adzukulu anga ndaleka kuŵapatsa." M'holo muja adaamva kuti Mulungu adalengera mkaka ana a ng'ombe okha, kuti umadzaza zoipa m'thupi la munthu, ndi kuti chotsuka zoipazo ndi ufa wa m'chitini umene mnyamata uja ankagulitsa. Mkaka wonse maiyo adayamba kuupereka ku gulu logula mkaka, ndalama zake nkumasunga kuti adzagule chitini chimodzi. M'limana lomwelo mudali bambo wina wodwala BP amene adaaleka kumwa mapiritsi a ku chipatala cha boma, poti adaamuuza kuti madzi a m'botolo amachotsa nthendayo ndi mizu yomwe. Ndidabwerera kunyumba ndili ndi manyazi, pakuti mau onseŵa adaŵamvera m'nyumba imene ine ndidatsekula chitseko chake.

Tiyambe taona m'mene malondaŵa amayendera. Munthu saloŵamo ulere. Amayamba wagula phukusi la katundu pa mtengo wokwera, ndipo akatero amamutcha membala. Kenaka amamuuza kuti phindu lenileni silili pa kugulitsa mabotolo, koma pa kukopa anthu ena kuti nawonso agule phukusi, iwonso akakope anzao. Pa ndalama ya aliyense woloŵa kumene, kagawo kamapita kwa amene adamkopa, kena kwa amene adakopa wokopayo, mpaka kukafika kwa eniake amene ali kutsidya kwa nyanja. Tsono katundu weniweni pa malonda otere ndi munthu. Botolo langokhala nyambo ya pa mbedza.

Mwana wa sitandade 6 angathe kutiŵerengera kumene njirayi imathera. Tiyese kuti munthu mmodzi akope anthu 5, ndipo aliyense mwa iwo akopenso 5. Mzere woyamba muli anthu 5, wachiŵiri 25, wachitatu 125, wachinai 625. Pofika mzere wa nambala 9 pafunika anthu 1,953,125, pamene kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adapeza anthu 684,107 m'boma lonse la Mulanje, kuŵerengera ndi makanda omwe. Mzere wa nambala 11 ufuna anthu oposa 48 miliyoni, chonsecho Malaŵi yense pa kalembera yemweyo adali ndi anthu 17,563,749. Kodi anthu ameneŵa adzachokera kuti? Pa mzere uliwonse, oloŵa kumene ndiwo ochuluka, ndipo ndiwo amene adzasoŵe woŵaloŵera pansi. Ochepa apamwamba sangalemere popanda ochuluka apansi kutaya ndalama zao. Limeneli si tsoka logwa mwangozi, ai, ndi m'mene malondawo adaŵamangira.

Ngakhale kumene malondaŵa adayambira zidaoneka zomwezi. Kampani ya Herbalife, yogulitsa zakudya zoonjezera m'thupi mwa njira yokopana, idayamba ku America m'chaka cha 1980. Mu July 2016 bungwe la boma la dzikolo loteteza ogula, Federal Trade Commission, lidagwirizana ndi kampaniyo kuti ipereke madola 200 miliyoni obwezera anthu amene adataya ndalama, ndiponso kuti isinthe kayendetsedwe kake, kuti munthu azilandira mphotho chifukwa cha katundu amene wagulitsadi kwa ogula, osati chifukwa cha anthu amene wakopa. Kampaniyo siidavomere kuti idalakwa, koma dandaulo la bungwelo lidali lakuti ambiri mwa ogulitsa ake ankapeza ndalama zochepa kwambiri, mwinanso osapeza konse. Si kampani imeneyi idafika m'holo mwathu, koma kamangidwe ka malonda nkofanana. Ngati zidavuta m'dziko la anthu a ndalama, nanga wothyola tiyi wa ku Mulanje adzagulitsa kwa yani chitini chodya malipiro ake a masabata angapo?

Tengani botolo limodzi, muŵerenge timalemba tating'ono tachingerezi ta kumbuyo kwake. Pa mabotolo ambiri ochokera ku America mupeza mau onena kuti katunduyo sadapangidwire kuchiza kapena kuteteza nthenda iliyonse. Lamulo la dzikolo la chaka cha 1994 limalola zakudya zoonjezerazi kugulitsidwa popanda kuyamba zayesedwa monga amayesera mankhwala, malinga wozipanga asanene kuti zimachiza. Ndiye taonani m'mene agaŵanirana ntchito. Mwini kampani amalemba pa botolo kuti sachiza, kuti lamulo lisamgwire. Mwana wathu wa pa Boma pano ndiye amanena pakamwa kuti botololo limachiza shuga, khansa, kusabereka ndi nyamakazi. Munthu akafa, mwini kampani adzaloza timalemba tija, mlandu nkutsala ndi mnansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere ku funso la mai uja. Bodza lolimba limakhala ndi kachoona pang'ono m'kati mwake, ndipo kachoona kake ndi aka. Mu mkaka muli mtundu wa shuga wotchedwa lakitozi. M'matumbo a khanda lililonse muli chogayira shuga ameneyu, chotchedwa lakitezi. Mwa anthu ambiri chogayirachi chimachepa mwana akamakula, kotero kuti pa dziko lonse lapansi akuluakulu pafupifupi aŵiri mwa atatu aliwonse sagaya bwino mkaka wongokama kumene akamwa wambiri. Mimba imalira, imadzaza mpweya, nthaŵi zina munthu nkutsekula. Mitundu imene yakhala ikuŵeta ng'ombe ndi kudalira mkaka kwa zaka zikwi zingapo, monga a ku mpoto kwa Ulaya, Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, ndi Afulani a kuzambwe kwa Afrika, ambiri ao amasunga chogayiracho mpaka ukalamba. Kafukufuku wa Sarah Tishkoff ndi anzake, amene adasindikizidwa m'chaka cha 2007, adaonetsa kuti mphamvu imeneyi idabadwa payokha pakati pa abusa a kuvuma kwa Afrika, mosadalira ya Azungu. Ambiri a ife kuno makolo athu adali alimi a khasu, nchifukwa chake si chodabwitsa kuti wina akamwa kapu yodzaza m'mimba mumamvuta.

Koma kuvuta m'mimba ndi kwina, poizoni ndi kwina. Nyemba nazonso zimadzaza ena mpweya, kodi tidazitcha poizoni? Anthu ambiri osagaya bwino lakitozi amatha kumwa mkaka pang'ono mu tiyi kapena m'phala popanda vuto. Ndiponso makolo adaadziŵa kale njira yake. Mkaka ukasasa nkusanduka chambiko, tizilombo tabwino tousasitsa timakhala titadya gawo lina la shuga uja, motero mimba imaulandira mosavuta. Angoni akhala akudya mkaka wosasa chotere kuyambira kale. Pali ana oŵerengeka amene thupi lao limakana mkaka wa ng'ombe kotheratu, amatuluka zidzolo kapena kusanza. Ameneŵa ngofunika kuonana ndi dokotala. Choopsa chenicheni chili mu mkaka wosaŵiritsa, umene ungathe kupatsira munthu TB ya ng'ombe ndi matenda ena, ndipo mankhwala ake ndi moto wa pa mafuwa, umene sagula kwa membala aliyense. Kunena za khanda, lamulo nlodziŵika: bere lokha pa miyezi 6 yoyamba, kenaka bere pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Amati palibe nyama ina imene imamwa mkaka wa nyama inzake. Palibenso nyama imene imaphika nsima, kukazinga mtedza kapena kuthira mchere mu ndiwo. Mulungu adapatsa munthu nzeru zosandutsa zolengedwa kukhala chakudya, ndipo m'Buku la Genesis timamva kuti Abrahamu, polandira alendo atatu aja ku Mamure, adaŵaikira chambiko ndi mkaka pamodzi ndi nyama. Koma tisachite kupita kutali. Pitani ku chipatala kumene amathandiza ana onyentchera, mufunse zimene zili m'chiponde chimene amaŵapatsa. Muli mtedza, mafuta, shuga, mavitamini ndi mkaka waufa. Chiponde chimenechi, chimene Dokotala Mark Manary ndi anzake adachiyesa pa ana a kuno ku Malaŵi, chabweza ana ambiri pakhomo pa manda. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno adali opinimbira. M'dziko lotere, kuuza gogo kuti alande kapu ya mkaka pakamwa pa mdzukulu wake, kuti asungire ndalama chitini, ndi nkhanza, ngakhale wonenayo atavala suti.

Apa mpamene pali chinsinsi cha malondaŵa. Munthu wokhutira ndi chakudya cha pakhomo pake sangagule ufa wodula. Tsono ayenera kuyamba amuchititsa mantha: mkaka ndi poizoni, nsima njopanda ntchito, mapiritsi a ku chipatala amaononga chiŵindi. Mantha akaloŵa, chikwama chimatseguka. Chonsecho alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Ndi gulu liti limene Mulanje alibe? Nandolo, kalongonda, chinangwa, mbatata, chisoso, bonongwe, nanazi, mapeyala, mazira, usipa wa pa msika, ndi mkaka wa alimi a m'mabungwe a Shire Highlands Milk Producers Association, zonsezi zili pafupi. Mchere wa m'sitolo muli ayodini, shuga ndi mafuta ophikira muli vitamini A. Amene safuna mkaka angathe kukhala ndi moyo wabwino popanda mkakawo, akamadya usipa ndi minga yomwe, masamba ndi nyemba. Sindikukakamiza munthu kumwa mkaka. Ndikukana bodza lounamizira.

Wina adzati, "Bambo, inu mumadya za parishi. Ife ntchito kulibe, namondwe Freddy adatikokolera minda mu March 2023, kwacha idagwa mu November chaka chomwecho. Tidye chiyani?" Funsoli nlolemera, ndipo sindikulipeputsa. Ambiri ogulitsaŵa si mbala. Ndi aphunzitsi, anamwino, achinyamata omaliza sukulu, amene nawonso adanyengedwa ndipo ali ndi katoni ya katundu pansi pa bedi, ngongole ili pakhosi. Koma umphaŵi wanga sundipatsa ufulu wosenzetsa mnzanga ngongole yanga. Winanso adzati, "Ine ndidamwa, ndidachira." Ndikukondwera nanu. Komatu matenda ambiri amatha okha, ena amakwera nkutsika, ndipo BP imatha kukhala yokwera munthu osamva kanthu mpaka tsiku la sitiroko. Pa misonkhano yao amaimiritsa ochira okhaokha. Amene adaleka ma ARV, amene boma lakhala likupereka ulere kuyambira 2004, nkubwerera pa mphasa, saitanidwa kudzachita umboni.

Chimene chikundiŵaŵa koposa, monga wansembe, nchakuti malondaŵa amadya chuma chimene Eklezia yachisonkhanitsa movutikira, ndicho kukhulupirirana. M'limana timadziŵana, timalirana maliro, timasonkherana wina akadwala. Wokopa amadziŵa kuti mlendo mungamkanire, koma mnzanu wa m'kwaya, kapena amene adakuimirirani mwana pa ubatizo, nkovuta kumkana. Misonkhano yao amaitsekula ndi pemphero, amachita maumboni, amanena za madalitso. Ndalama zikapita, chimatsala ndi chidani pakati pa anthu odyera pa Tebulo limodzi la Ambuye. Lamulo lachisanu ndi chiŵiri limaletsa kutenga za mwini, ngakhale mwiniyo atapereka yekha chifukwa chonyengedwa. Lachisanu ndi chitatu limaletsa bodza. Ndipo amene auza wodwala kuti ataye mankhwala ake, ayambe waganiza za lamulo lachisanu. Mai uja wa mu Uthenga Wabwino wa Marko, amene adataya chuma chake chonse pofuna kuchira osapeza bwino, Ambuye Yesu sadamlipiritse kanthu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu akadza ndi botolo, mfunseni ngati bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lidalivomereza kuti ndi mankhwala a nthenda imene akutchulayo. Mfunseni ndalama zimene iye mwini waononga ndi zimene wapeza chiloŵere, aŵerenge pamaso panu. Mfunseninso ngati angapezebe phindu atapanda kukopa munthu ndi mmodzi yemwe. Ndipo musaleke mankhwala aliwonse a ku chipatala musanaonane ndi amene adakulemberani. Inu amene mudaloŵa kale, musaonjeze ndalama zina pofuna kuombola zoyamba zija, ndipo kwa amene mudaŵakopa pitani mukanene zoona.

Ine kumbali yanga ndauza akuluakulu a tchalitchi kuti holo ya parishi, nthaŵi ya zolengeza ndi misonkhano ya limana sizidzaperekedwanso ku malonda otere. Mnyamata uja ndidamuitana, tidakhala pansi ndi pensulo nkuŵerengera limodzi mizere ija. Adachoka ali chete, ndipo ndikumdikirabe. Bambo wa BP uja tidamperekeza ku chipatala, adayambanso mapiritsi ake. Kwa mai wamasiye ndidabwererako kukapepesa, ndipo ndidamupempha kuti pa mkaka wa m'maŵa azipatulako wa adzukulu ake, auŵiritse bwino, wotsala ndiye apite nawo ku gulu.