Mahedifoni odula ndi abwino, koma kodi ndi anu?

Chaka chatha ndinawononga ndalama ya ndiwo ya masabata awiri pa mahedifoni omwe ndinagula mumsika ku Limbe. Bokosi lake linali lonyezimira, dzina la kampani yotchuka litalembedwa pamwamba, ndipo wogulitsa anandilumbirira kuti ndi orijino. Patangotha mwezi, mbali yakumanzere inangoti zii. Yakumanja inkangolira besi yokhayokha, gitala ya Giddes Chalamanda mu Linny Hoo n'kumamveka ngati ikuimbidwa mkati mwa ndowa.

Manyazi amenewo ndi omwe anandichititsa kuti ndiyambe kufufuza za anthu omwe pa intaneti amadzitcha ma audiophile, anthu ofuna kumva nyimbo ndendende mmene inajambulidwira. Ndawerenga mikangano yawo, ndipo pa wailesi pomwe ndinachitira atachimenti komanso mu situdiyo ya mnzanga ndamverako ena mwa mahedifoni omwe amawatamawo. Maganizo anga ndi akuti ambiri mwa malangizo awo ndi oona, koma sanawalembere munthu womvera nyimbo pa Tecno ali m'minibasi ya ku Ndirande.

Tiyambe ndi Sennheiser HD 600. Kampani ya ku Germany imeneyi inawatulutsa mu 1997 ndipo mpaka lero akadagulitsidwabe. Chowakondera n'chakuti mawu a woimba amamveka oyera, osakometsedwa. Ndinamverapo kwaya ndipo ndinkatha kusiyanitsa alto ndi tenala bwinobwino. Timapilo take ndi tansalu yofewa, ukhoza kukhala nawo maola osatopa. Koma kumbuyo kwake n'kotsegula, choncho phokoso lapanja limalowa ndipo nyimbo yako imatuluka, woyandikana nawe amamvera limodzi. Komanso ndi a ma ohm 300, kutanthauza kuti amafuna mphamvu yoposa imene mafoni ambiri amatulutsa. Popanda kaampu amamveka ofooka. Amenewa ndi a munthu wokhala m'chipinda chachete, osati wa ku hositelo ya anthu anayi.

Achiwiri ndi Sony MDR-7506, omwe anatuluka mu 1991 ndipo amapezeka m'mawailesi ndi m'masitudiyo ambiri padziko lonse. Ndi otseka kumbuyo, opepuka, ndipo ndi a ma ohm 63, moti foni imawakwanitsa. Ku America amagulitsidwa pafupifupi madola 100, pomwe HD 600 amafika kuwirikiza katatu kapena kupitirira. Sabisa cholakwika: kaphokoso kalikonse ka m'mawu ojambulidwa umakamva. Kwa mtolankhani kapena wokonza mavidiyo a TikTok, zimenezi n'zothandiza kwambiri. Vuto lake, mawu apamwamba amabaya m'khutu ukamvera nthawi yaitali, chingwe chake chopotana sichichoka, ndipo timapilo timasupuka pakapita nthawi.

Achitatu ndi Audio-Technica ATH-M50x, omwe achinyamata ambiri opanga mabiti amawalota. Besi yawo ndi yonenepa kuposa ya awiri enawo, ndiye Amapiano imakoma zedi. Chingwe chimachoka, chikaduka umangogula china. Koma amapana mutu, ndipo timapilo take tachikopa chopanga timatentha. Yesani kuwavala masana mu Okutobala ku Chikwawa, muona thukuta lake.

Ndiye abwino ndi ati? Mukandifunsa za mamvekedwe okha, HD 600 ndi akatundu. Koma mtengo wolembedwa pa intaneti si umene ife timalipira. Onjezerani ndalama yotumizira, msonkho wa MRA, kaampu, komanso mavuto opeza madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera. Kutenga ndalama ya lendi ya miyezi ingapo kugulira chinthu chomwe foni yako singachiimbe bwino, kumeneko si kukonda nyimbo ayi, ndi kukonda dzina.

Kwa ine, wopambana kwa ambiri a ife ndi timaiyafoni tachingwe tolowa m'khutu monga Moondrop Chu kapena 7Hz Salnotes Zero, tomwe kunja timagulitsidwa pafupifupi madola 20. Ngakhale ma audiophile amene amativomereza. Timatseka phokoso la injini ndi la kondakitala, timalowa m'thumba, sitifuna kuchajidwa magetsi akathima, ndipo sititenthetsa makutu. Ngati mumajambula kapena kukonza mawu, sungani ndalama mugule MDR-7506. Ngati foni yanu ilibe kabowo ka mahedifoni, chizolowezi chomwe chinafala Apple itachotsa kabowoka pa iPhone 7 mu 2016, kachingwe kolumikizira ka USB-C n'kokwanira.

Ena anena kuti ndikunyozetsa anthu, kuti Mmalawi naye ali ndi ufulu wofuna zapamwamba. Zoona, ndipo amene ali ndi ndalama zake komanso malo achete agule, sadzanong'oneza bondo. Mahedifoni ngati HD 600 amakhalitsa chifukwa chingwe ndi timapilo zimasinthika. Koma tivomereze kuti nyimbo zambiri m'mafoni mwathu ndi zija zotumizirana pa WhatsApp ndi pa Bluetooth, ma MP3 ofinyidwa mpaka kuuma kuti asadye bando. Mahedifoni abwino sakonza nyimbo yowonongeka, amangoonetsa poyera kuwonongekako. Yambani mwapeza nyimbo yojambulidwa bwino kuchokera kwa oimba eni ake, nawonso adyepo thukuta lawo.

Pali chinthu china chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mitengo. Bungwe la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera mokweza. Malangizo ake ndi akuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa ma decibel 80, ndipo voliyumu ikakwera, nthawiyo imachepa msanga. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Apa ndi pamene mahedifoni otseka bwino amathandiza: phokoso lapanja likachepa, sukweza voliyumu mpaka kumapeto kuti upikisane ndi sipika ya m'minibasi. Aja anga a ku Limbe ndinkawakweza mpaka foni kundichenjeza, ndipo usiku m'makutu munkalira ngati muli nkhululu. Ndinkaona ngati zachibwana, koma chinali chizindikiro.

Choncho musanatulutse ndalama, dzifunseni komwe mumamverera nyimbo, chomwe mumamverera, ndi maola angati. Pemphani kuyesa kaye ndi foni yanu, pa nyimbo imene mumaidziwa bwino. Wogulitsa akakana, kapena mtengo ukatsika modabwitsa pa dzina lalikulu, tembenukani muzipita. Mahedifoni mudzagula ena, koma makutu ndi omwewa.