Dokotala samanga komwe kuli matenda

Abale anga, ambirife kuno kumudzi timaganiza kuti ku Mangalande dokotala ali pakhomo lililonse ngati mpopi wa madzi. Inetu ndikuti bodza limenelo. Taonani za Tower Hamlets, dera la kum'mawa kwa London, komwe nyumba zosanja za mabanki ku Canary Wharf zayang'anizana ndi malokeshoni a anthu ovutika monga Poplar, Stepney ndi Whitechapel.

Kumeneko sungodzuka n'kukaonana ndi dokotala wamkulu chifukwa mutu ukuwawa. Umayamba walembetsa dzina pa kachipatala ka dokotala wa banja, yemwe eni akewo amati GP. Iyeyo ndiye amakutumiza kuchipatala chachikulu akaona kuti zavuta. Tsono kachipatala kalikonse kali ndi malire ake pa mapu. Nyumba yako ikakhala kunja kwa mzerewo angathe kukubweza, chikhalirecho khomo lawo ukuliona ndi maso. Kuyambira 2015 amaloledwa kulemba anthu a kunja kwa malire, koma sakakamizidwa ayi.

Nanga amasankha malo omangapo ndani? Apa ndiye pagona nkhani. Chiyambire NHS mu 1948, madokotala ambiri a mabanja si antchito a boma. Ndi eni ake a tizipatalato, boma limangowapatsa kontirakiti. Kale kunali komiti yotchedwa Medical Practices Committee yomwe inkaletsa madokotala kuunjikana dera limodzi kwina kukusowa. Mu 2002 komitiyo anaithetsa.

Ndiye pali za ndalama. Kuyambira 2004, kawerengedwe ka ndalama zopita ku kachipatala kalikonse kamayang'ana kwambiri zaka za odwala: nkhalamba zikachuluka, ndalamanso zimachuluka. Koma ku Tower Hamlets kwadzaza achinyamata, ndipo umphawi umawadwalitsa asanamere imvi. Ntchito njambiri, thumba ndi lopyapyala. Mu 2014, boma litayamba kuchotsa ndalama zina zoonjezera, madokotala a Jubilee Street Practice ku Stepney anachenjeza kuti atseka. Odwala ndi madokotala anachita kuguba mumsewu kuti akuluakulu amve.

Pamwamba pa izo anthu akungochuluka. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 254,000, wa 2021 anapeza oposa 310,000. Palibe dera lina mu England lomwe linakula mofulumira chotero. Nyumba yosanja imatha zaka ziwiri kapena zitatu, koma dokotala saphuka ngati bowa.

Zonsezi Julian Tudor Hart, dokotala wa m'mudzi wa anthu a m'migodi ku Wales, anazinena kale mu 1971. Mfundo yake inali yakuti komwe anthu akufunitsitsa chithandizo n'komwe chimasowa, makamaka zaumoyo zikasiyidwa m'manja mwa msika. Wa ku Nsanje kapena ku Chitipa safunika kumumasulira mawu amenewa.

Tsono inu achibale amene muli ku London, kaya mukusamalira nkhalamba kaya muli pasukulu, musadikire kuti thupi litenthe. Funsani lero kachipatala komwe malire ake akufika pakhomo panu, mukalembetse. Ku England kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo malamulo a NHS akuti asakubwezeni chifukwa chosowa pasipoti kapena kalata yosonyeza komwe mukukhala. Mukasamuka nyumba, funsaninso. Safunsa anadya phula.