Kavalo Wamfupi ndi Bulu wa Kwathu

Tsiku lina, ndikuphunzitsa Chingelezi ana a Fomu 3 kuno ku Mchinji, tidakumana ndi liwu lakuti cob. Mnyamata wina adaimika mkono msangamsanga nanena kuti liwulo litanthauza chitsononkho. Sadalakwe ayi, pakuti Angelezi amachitchuladi motero, koma m'nkhani imene tinkawerengayo liwulo lidali kunena kavalo, amene ena timati hatchi. M'mawa mwake ndidabwera ndi zithunzi ziwiri. China chidali cha kavalo wamtali, wa miyendo yowonda, wothamanga pa mipikisano; chinacho chidali cha cob, kavalo wamfupi, wojintcha, wa khosi lonenepa ndi miyendo yonga minsi. Nditafunsa kuti akadakhala ndi ndalama akadagula uti, onse adaloza wamtali uja. Wamfupiyo adamuseka, ati akufanana ndi bulu.

Kusekako ndiko kwandilembetsa nkhani ino, chifukwa m'menemo muli chizolowezi chimene chatilowa tonse, choweruza chiweto, ngakhale munthu amene, pongomva dzina la mtundu wake.

Tiyambe ndi kavalo wosekedwayo. Ku Britain, cob ndi kavalo aliyense wa thupi lodzaza ndi miyendo yaifupi yolimba, amene kutalika kwake polekeza m'mapewa kumakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka. Wotchuka kwambiri ndi wa ku Wales, kumene bungwe losunga kaundula wa akavalo otere lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1901. Mlimi wa m'mapiri a kumeneko sakadatha kusunga akavalo atatu, kotero adafuna mmodzi woti alime m'munda, akoke ngolo kupita kumsika, ndiponso amunyamule mwini wake pa ulendo. Palinso cob wa mawangamawanga, wa ubweya wambiri m'miyendo, amene adawetedwa ndi anthu oyendayenda otchedwa Romani kuti azikoka ngolo zimene zidali nyumba zawo. Mpaka lero anthuwa amasonkhana m'tauni ya Appleby mwezi wa June chaka chilichonse kudzagulitsana akavalo.

Amene amaweta cob amamukonda pa zifukwa zimene mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri angazimvetse bwino lomwe. Amakhuta ndi msipu wochepa, amapirira kuzizira, sadwaladwala, ndipo amatha kunyamula bambo m'mawa ndi mwana madzulo. Komabe pakati pa anthu okwera akavalo ali ndi mbiri yakuti ndi waulesi, wochedwa, woyenera ophunzira kumene ndi anthu osauka. Ulemu wonse umapita kwa kavalo wa liwiro uja, amene mayina a makolo ake akhala akulembedwa m'buku kuyambira m'chaka cha 1791. Iyenso adamupachika mbiri yake, yakuti ndi waukali ndi wosagwirika.

Mbiri ziwirizi zili ndi kachoonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake zili zoopsa. Munthu wosadziwa amagula cob ali ndi chikhulupiriro chakuti onse ndi ofatsa, kenaka amadzidzimuka atagwetsedwa pansi ndi nyama yamphamvu imene sidaphunzitsidwe. Wina amamudyetsa ngati kavalo wa mpikisano, osadziwa kuti cob akanenepa kwambiri amagwidwa ndi nthenda yowawa ya m'ziboda. Pamene kavalo wa liwiro, akapuma pa mipikisano napeza mphunzitsi woleza mtima, kawirikawiri amasanduka wofatsa ndithu. Tsono mtundu umangotiuza za thupi la chiweto ndi ntchito imene makolo ake adawetedwera. Khalidwe la chiweto chimene chaima patsogolo pathu timalidziwa pochiyesa.

Umboni wina uli konkuno ku Africa. Agogo athu amene adapita ku Joni pa Wenela adagwira ntchito m'migodi pamodzi ndi anthu a ku Lesotho, dziko la mapiri kumene kavalo ndiye njinga ya munthu wa kumudzi. Akavalo a kumeneko ndi aafupi ndi osaoneka bwino pamaso, koma amayenda m'njira za miyala popanda kuterereka. Ndi akavalo amenewa anthu a ku Lesotho adamenya nkhondo ya 1880 mpaka 1881, pamene boma la Cape lidafuna kuwalanda mfuti, ndipo mfutizo sizidalandidwe. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, asilikali a Angelezi, ataona kuti akavalo awo akuluakulu ochokera kutsidya la nyanja akufa ndi kutopa ndi matenda, adagula akavalo a ku Lesotho zikwizikwi.

Kodi nanga kwathu kuno bwanji kavalo sadakhazikike, ngakhale pa nthawi imene Mchinji inkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson? Chifukwa chachikulu ndi matenda. Kashembe, ntchentche imene ikadalipo m'nkhalango ya Kasungu kumpoto kwathu, imapatsira ziweto tizilombo towondetsa ndi kupha. Palinso nthenda ina ya akavalo, yofalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo, imene ikabuka imatha kupha akavalo 90 mwa 100 alionse odwala. Chodabwitsa n'chakuti bulu wa mu Africa safa kawirikawiri ndi nthenda yachiwiriyi. Nyama imene ana anga adaitchula monyoza ija ndiyo imene dziko lathu lidaivomera.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Bulu ndiye cob wa kwathu, ndipo mbiri yake ndi yoipa kuposa ya mnzake wa ku Wales. Mwana akalephera masamu timamutchula bulu, ndipo aphunzitsi ena, ndi manyazi ndinene, tidalitulutsapo liwu limeneli m'kalasi. Timati bulu ndi waliuma. Koma odziwa ziweto amafotokoza kuti kavalo akachita mantha amathawa, pamene bulu amaima chilili kufikira ataona kuti njira ili bwino. Chimene ife timachitcha liuma nthawi zambiri ndi kuchenjera, ndipo nthawi zina ndi ululu. Onani abulu ambiri okoka ngolo m'misewu ya chigawo chapakati: amangidwa goli la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lochindikala zogwira goli, pamene bulu amakoka ndi chifuwa ndipo amafuna malamba ofewa odutsa pachifuwapo. Goli limamutupula zilonda m'khosi, iye nkumakana kuyenda, ife nkumawonjeza chikwapu, pomaliza nkumati taonani liuma la abulu. Cholakwa chili pa goli, koma mlandu timaupereka kwa mtundu wonse.

Mlimi wa mtedza kapena soya amene alibe ndalama zogulira ng'ombe ziwiri angathe kutuma bulu kutunga madzi, kututa zokolola ndi kupita nazo pamsika wa Kamwendo. Chimamuletsa kawirikawiri si kuchepa kwa mphamvu za bulu koma kuopa kusekedwa. Ndi mtima womwewo timapeputsa ng'ombe zathu zamakolo, zazing'ono ndi za linunda, zimene zimapirira nkhupakupa ndi chilimwe, nkumasirira za mkaka zochokera kunja popanda kuwerengera msipu, madzi ndi mankhwala amene zimafuna. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, mudzakumana nacho chizolowezi chimenechi pa inu eni. Pofunsira ntchito, ena adzayamba ayang'ana dzina la sukulu yanu, ngati idali ya boma yogonera konko kapena yoyendera ya kumudzi, asanayang'ane zimene mukudziwa. M'boma lino la m'malire, kumene Achewa, Angoni ndi Ansenga akhala akukwatirana kwa mibadwo, mudzamvabe wina akunena kuti a mtundu wakuti ndi otere. Musavomere kuyezedwa ndi muyeso umenewo, ndipo inunso musauyezere anzanu. Ngati mwasankha ulimi, sankhani chiweto poyang'ana ntchito imene muli nayo, msipu umene ulipo ndi ndalama zimene mungathe kuchisamalira nazo, osati poopa pakamwa pa anthu.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi lakuti mwana akaima chilili pa phunziro, tiyambe tafufuza goli limene tamumanga tisanamupatse dzina. Mwina sadadye, mwina saona bwino pa bolodi, mwina chilankhulo chimene tikuphunzitsira ndicho chamutchinga.

Ana a Fomu 3 aja ndidawafunsanso kachiwiri, koma mwa njira ina. Ndidati, muli ndi matumba khumi a chimanga, msewu ndi wa matope, ndipo msika uli pa mtunda wa makilomita khumi ndi asanu. Mutenga kavalo uti? Padakhala chete pang'ono, kenaka manja adayamba kuloza wamfupi uja. Mtsikana wina wa kumbuyo adafunsa ngati n'kololedwa kusankha bulu.